Mvula Kapena Mphenzi

Amene anakulira m'midzi ya kwathu kuno, pakati pa phiri la Bunda ndi msika wa pa Mitundu, akudziwa chimene chimachitika pabwalo pamene chithunzithunzi cha kanthu kouluka chadutsa pansi dzuwa lili paliwombo. Thadzi limalira kulira kwake kwa chenjezo, anapiye amene anali piringupiringu kutola misere pafupi ndi mtondo amathawira kunsi kwa nkhokwe, ndipo kwa kamphindi bwalo lonse limangoti zii, kufikira chodutsacho chitapitirira. Thadzi silifunsa ngati ameneyo ndi kabawi kapena ndege ya boma, pakuti kwa ilo chilichonse chokhala pamwamba pa mutu ndi mdani. Koma ana a anthu, pa nthawi yomweyo, amatuluka m'nyumba ali liwiro, nayamba kukweza manja ndi kufuula mokondwera, ena n'kumaipempha ndegeyo kuti iwatenge, ngati kuti wokhala m'katimo angawamve. Ndinkayesa kuti mwana aliyense amabadwa nacho chimwemwe chimenechi, kufikira tsiku lina la msika m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza m'malire a Dedza ndi Ntcheu, ndipo ndinaona mayi wina wa mwa iwo, atamva kulira kwa helikopita patali, akuponya pansi dengu la matimati nadzigwetsa chafufumimba pamwamba pa mwana wake. Ife tinaseka, Mulungu atikhululukire. Koma wodziwa anali mayiyo, ife tinali anapiye amene sanaonepo kabawi.

Zimenezi zandibwerera mumtima chifukwa cha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ali msilikali wa gulu la ndege, ndipo ntchito yake ndi yaumakaniko. Anabwera kumudzi m'mwezi wa Okutobala kudzakhala nawo pa chiliza cha agogo ake, ndipo madzulo, alendo atabalalika, tili pakhonde kudikira kuti kutentha kuphwe, anatchula mawu amene sindinayembekeze kuwamva pakamwa pa msilikali. Anati ku maphunziro awo amawaphunzitsa doctrine. Tsono ine, amene ndakalambira mu mpingo wa Nkhoma, ndipo mawu amenewo ndimawadziwa kuti ndi a abusa ndi a m'kalasi ya katekisma, ndinamufunsa ngati asilikali nawonso ayamba kulalikira. Anaseka, nati, "Iyayi malume, kumeneko n'kunena chiphunzitso cha gulu lankhondo: ndege ndi ya ntchito yanji, woilamula ndani, iuluke liti, ileke liti. Dziko lililonse liyenera kulemba chake, chifukwa chobwereka kwa Angerezi kapena kwa Amereka chinasokedwera thupi la eni ake." Ndinamuyankha kuti ngati zili choncho nkhaniyo si ya asilikali okha, pakuti okhala pansi pa mapikowo ndife, ndipo mwini denga sangakhale chete pamene ena akupangana za chimene chidzadutsa pamwamba pake.

Monga anandilongosolera, ntchito za ndege m'gulu lankhondo ndi kutchinjiriza thambo la dziko kuti mlendo asalowemo mwachipongwe, kuponya moto pa mdani, kuzonda zimene maso a woyenda pansi sangazione, ndi kunyamula anthu ndi katundu kumene msewu sufika. Ndipo chiphunzitso ndicho chimanena kuti mwa zimenezi yoyamba ndi iti, yotsiriza ndi iti, ndalama zochepa zimene zilipo zipite kuti, ndipo mnyamata amene walembedwa lero aphunzitsidwe chiyani. Ndinaona kuti chimenechi n'chimene ife timachitcha mwambo. Namkungwi salangiza namwali tsiku limene banja lagwedezeka. Amamulangiza kusanagwe kanthu, mitima ili m'malo, kuti tsiku la chipwirikiti likadzafika, pamene munthu alibe nthawi yoganiza, miyendo yake idzayende yokha m'njira imene inaphunzitsidwa. Chifukwa chake funso lakuti mwambo umenewu ukhale wotani ndi la chikhulupiriro lisanakhale la zida.

Makolo athu anali nacho chiphunzitso chawo cha thambo, chinkana sanachilembe m'buku. Amene wayima pa Mitundu nayang'ana kumadzulo amaona mzere wa mapiri a Dzalanyama, ndipo kumeneko ndiko kuli Kaphirintiwa, kumene akuluakulu amati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira kuchokera kumwamba pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, Chauta mwini ali nawo limodzi ndi nyama zonse, nasiya mapazi awo pa thanthwe limene linali likali lofewa. Anakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu, posewera ndi timitengo tiwiri, anapeka moto. Motowo unalowa m'tchire, galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawa ndi mkwiyo umene zikali nawo mpaka lero, ndipo Chauta, atasowa pothawira, anakwezedwa kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kotero m'maganizo a Achewa thambo ndi malo amene Mulungu anathawirako moto wa munthu; ndipo kuchokera kumeneko amatumiza zinthu ziwiri, mvula imene makolo ankakaipempha kwa Makewana ku Msinja ndi pa phiri lathu lomweli la Bunda, ndi mphenzi imene inamupatsa dzina loopsa lija la Mphambe. Zonse ziwiri zinali zake yekha. Ndipo n'koyenera kukumbukira kuti m'nkhani za makolo munthu mmodzi yekha ndiye ankauluka, ndiye mfiti, usiku, m'lichero, ulendo wokadya abale ake. Kotero kuti mpaka lero, mphekesera ikamveka kuti ndege yagwa pa mudzi wina m'bandakucha, anthu amayamba afunsa kuti ndege yake iti.

Tsono taonani chimene chinachitika munthu atapeza mapiko ouluka nawo masana. Pa 17 Disembala 1903 abale awiri a banja la Wright, ku America, anauluka masekondi 12 okha. Ndipo zisanakwane zaka 8, pa 1 Novembala 1911, msilikali wa ku Italy dzina lake Giulio Gavotti anatenga timabomba m'thumba, natiponya ndi dzanja kuchokera m'ndege pa misasa ya Aturuki pafupi ndi Tripoli, kotero kuti moto woyamba wogwa kuchokera m'ndege unagwera pa nthaka ya Africa. Munthu, amene moto wake unapirikitsa Chauta pansi pano, anali atanyamula muuni womwewo kumulondola kumwamba. Mu 1921 kazembe wina wa ku Italy komweko, Giulio Douhet, analemba buku limene ambiri amaliyesa chiphunzitso choyamba cha nkhondo ya mumlengalenga, ndipo mtima wa nkhani yake unali wakuti ndege isataye nthawi ndi asilikali a m'maenje, koma ilunjike ku mizinda, ku mafakitale ndi ku nyumba za anthu, itanyamula mabomba ophulika, oyatsa moto ndi a mpweya wa poizoni, kuti anthu wamba, atathedwa nzeru ndi mantha, akakamize mafumu awo kugonja. Ndipo iye ankayesa kuti nkhondo yotero idzatha msanga, kotero kuti akufa adzachepa. Ophunzira sanamusowe. Mu 1935 ndi 1936 ndege za Italy zinathira poizoni pa anthu a ku Ethiopia. Pa 26 Epulo 1937 mudzi wa Guernica ku Spain unatenthedwa pa tsiku la msika, ndipo amene anaonapo khamu la pa Mitundu, amayi a mbatatesi, anyamata a kabaza ndi ana ogulitsa mandasi, safunika kumuuza tanthauzo la mawu amenewo. Pambuyo pake panadza Hamburg, Dresden, Tokyo ndi Hiroshima. Chomvetsa chisoni n'chakuti chiphunzitsocho chinali chabodza ngakhale pa muyeso wake womwe, pakuti anthu a ku London, amene anaphulitsidwa usiku ndi usiku mu 1940 ndi 1941, sanagonje, koma anaumirapo mtima. Ndipo Angereziwo, m'malo motolapo nzeru, anakabweza chomwecho ku Germany.

Ndadzifunsa kawirikawiri kuti zinatheka bwanji kuti anthu ophunzira, obatizidwa, okonda ana awo, achite zotere tulo tawo osasokonezeka, ndipo yankho ndinalipeza pa nsonga ya Bunda, kumene anthu amakwera masiku ano kukapemphera. Ukayima pamenepo nuyang'ana pansi, munthu amene ali m'dimba mwake amaoneka ngati nyerere, ndipo sudziwa ngati ndi nkhalamba kapena mayi wapakati. Komatu Bunda ndi chulu chabe poyerekeza ndi kumene ndege imafika. Wankhondo wakale wa mkondo ankaona nkhope ya amene akumulasa, ankamva kulira kwake, ndipo pobwera kumudzi ankafunika mankhwala, kuopa chirope, misala ija imene imagwira munthu wokhetsa mwazi. Pakuti makolo ankadziwa kuti kupha munthu, ngakhale mdani, kumasiya bala mwa wakuphayo. Koma woponya bomba kuchokera m'mitambo amabwerera m'manja muli mbee, nakadya chakudya chamadzulo ndi anzake. Kutalika kumamunamiza kuti wasanduka Mphambe, pamene wangotenga mphenzi ya Mphambe osatenga maso ake, amene amawerenga ngakhale tsitsi la pamutu pa munthu. Luka anasimba za tsiku limene mudzi wina wa Asamariya unakana kulandira Ambuye, ndipo Yakobo ndi Yohane, amene ankaidziwa nkhani ya Eliya ndi moto umene unanyeketsa asilikali a mfumu, anapempha chilolezo choti aitane moto kuchokera kumwamba uwononge mudziwo. Anali ophunzira okondedwa, mlandu wawo unali ndi mutu, ndipo anali ndi chitsanzo cha mneneri. Koma Ambuye anawadzudzula, napita nawo ku mudzi wina. Ndimayesa kuti kalasi iliyonse ya oyendetsa ndege za nkhondo ikanayenera kuyamba ndi nkhani imeneyi, pakuti moto wa kumwamba nthawi zonse umapemphedwa ndi anthu amene akudziona kuti ali kumbali ya chilungamo.

Nzeru yoletsa zimenezi sitifunika kuigula kunja. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiponso mbalame ikakhala pa uta siilasika. Ndiko kunena kuti ilipo nthawi imene mdani ali pomwepo, ukumuona, ndodo ili m'manja, koma suyenera kumenya, chifukwa chimene uphwanye n'chachikulu kuposa chimene uphe. Buku la Deuteronomo linaletsa Aisraele, pozinga mudzi wa adani, kudula mitengo ya zipatso, popeza mtengo suli nawo pa mlandu. Augustine wa ku Hippo, amenenso anali mwana wa Africa, ndi Thomas Aquinas pambuyo pake, anaphunzitsa kuti nkhondo ingaloledwe pokhapokha italamulidwa ndi wolamulira woyenera, pa chifukwa cholungama, ndi mtima wofuna mtendere. Ndipo mapangano a ku Geneva a 1949, pamodzi ndi zowonjezera zake za 1977, analemba m'chilankhulo cha maloya chimene agogo athu ananena ndi khoswe ndi mkhate, kuti wankhondo asiyanitse msilikali ndi munthu wamba, ndipo aleke kumenya pamene chiwonongeko cha osalakwa chiposa phindu la kumenyako. Mu Febuluwale 1944, nkhondo ili pakolasinga, bishopu wina wa Angerezi, George Bell wa ku Chichester, anaimirira m'nyumba ya malamulo ku London nadzudzula boma lake lomwe chifukwa chotentha mizinda ya Ajeremani mosasankha. Sanamuombere m'manja, koma lero dzina lake limatchulidwa popanda manyazi.

Apa mphwanga anandidula mawu, mwaulemu ndithu, nati, "Malume, zonsezo n'zoona, koma dziko lopanda mano mumlengalenga limaseweredwa." Ndipo sindingamutsutse, pakuti ndikukumbukira za 19 Okutobala 1978, pamene ndege za boma la Ian Smith zinalowa mu Zambia, mtsogoleri wake, wodzitcha Green Leader, nalamula pa wailesi a pa bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zisanyamuke, ndipo zinaphulitsa msasa wa anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, n'kupha anthu mazanamazana, kenaka n'kubwerera kwawo. Kumeneko ndiko kulowa m'nyumba ya mwini, kumuuza kuti akhale pansi, n'kumenya alendo ake iye akupenya. Wolamulira amene walumbira kuteteza anthu sangathe kunena kuti thambo ndi la Chauta ndiye tilisiye; mbusa wosanyamula ndodo sakonda nkhosa, akungodzikonda yekha. Koma taganizirani ichi: Zambia inali nazo ndege zankhondo tsiku limenelo, ndipo zinakhala pansi. Kukhala ndi chitsulo si kukhala ndi chitetezo. Ambuye ananena fanizo la mfumu imene, isanapite kukakumana ndi inzake yamphamvu kuposa iyo, imayamba yakhala pansi n'kuwerenga anthu ake, ndipo ikaona kuti siingathe imatuma akazembe kukapempha mtendere mdaniyo akali kutali. Dziko limene anthu ake amagona pa mizere ya mafuta a galimoto, ndipo zipatala zake zimasowa mankhwala, likagula ndege zothamanga zomenyera nkhondo kuti lizikazionetsa pa 6 Julaye, lidzakhala litagula njovu yosatha kuidyetsa. Pakuti walira mvula walira matope, ndipo matope a ndege yotere ndiwo mafuta, zipangizo zogula ndi ndalama zakunja, ndi maphunziro a zaka zambiri. Chimene tingathe ndi kukhala ndi maso oona wolowa m'thambo lathu, mapangano olimba ndi anansi athu a mu SADC, ndi akazembe odziwa kulankhula.

Ndiponso tifunse moona mtima kuti mdani amene wapha Amalawi ochuluka m'zaka zathu zino ndani. Gulu lathu la ndege linayamba mu 1976 mothandizidwa ndi Ajeremani, ndi ndege zing'onozing'ono za mtundu wa Dornier, ndipo kuchokera nthawi imeneyo, ku Zomba ndi ku Lilongwe, ntchito yake yakhala ya kunyamula ndi kupulumutsa. Ena amachita nazo manyazi zimenezi, ine ndimaziyesa ulemu. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, namiza midzi ya kunsi kwa Shire. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zawo, ndipo milatho itakokoloka, anthu anakhala m'mitengo ndi pa zitunda masiku angapo maso ali kumwamba, kudikira kulira kumene mayi wa ku Mozambique uja ankakuthawa. Mapiko athu sanakwane, ndipo anatithandiza ndi anansi, a ku Tanzania ndi a ku Zambia, amene anatumiza ndege zawo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amaika pa asilikali udindo wothandiza boma pa nthawi ya ngozi, pambali pa udindo woteteza malire. Tsono ngati chiphunzitso chiyenera kusokedwera thupi la mwini wake, monga ananenera mphwanga, chathu chiyenera kuyamba ndi helikopita imene ingatere pa bwalo la sukulu ku Nsanje madzi atazinga, ndi woyendetsa amene anaphunzira kukweza mayi wodwala pa chingwe mphepo ikuwomba. Njiwa ya Nowa sinanyamule lupanga, koma ndiyo inauza a m'chingalawa kuti moyo ulipo.

Ngakhale tindege topanda woyendetsa m'kati, timene anthu amatitcha ma drone, tafika kwathu ndi nkhope ya mvula. Mu 2016 boma ndi UNICEF anayesa kunyamula nato magazi a makanda okayezedwa HIV mu Lilongwe, ndipo mu Juni 2017 anatsegula ku Kasungu malo oyeserako tindege totere pa ntchito zothandiza anthu. Komatu kachipangizo komweko ndiko kakusaka anthu lero ku Ukraine ndi ku Sudan, wokayendetsa atakhala pa mpando kutali, akuyang'ana pa galasi. Kutalika kuja kwa pa Bunda kwafika pa mapeto ake. Chitsulo sichisankha. Amasankha ndi amene analemba mwambo wake.

Koma mutu wolemera koposa wa chiphunzitso chimenechi tinaulandira ndi misozi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Klaus Chilima, ndi anthu ena, ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara. Nyengo inali yoipa, ndegeyo sinafike, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atafa. Ife a kuno tinakaima m'mbali mwa msewu pa Nathenje pamene thupi lawo linkadutsa kupita ku Nsipe, ku Ntcheu, ndipo sindinaonepo khamu lotere likulira munthu amene ambiri a iwo sanamugwirepo chanza. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti ndegeyo inalowa m'chifunga ikuuluka pafupi ndi nthaka, pa ulendo wodalira maso, mpaka inagunda chitunda; anapezanso kuti inalibe makina osunga mawu ndi mbiri ya ulendo, ndi kuti batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, linatha nthawi yake mu 2004.

Akufa sitiwaweruza, ndipo oyendetsa aja analipira ndi moyo wawo womwe. Ndikunena za ife amoyo. Pa maliro otere timakonda kutonthozana kuti inali nthawi yawo, zinalembedwa, Mulungu wapereka Mulungu watenga. Ndipo mawu amenewa ali ndi malo ake pa siwa, pamene mtima wa wamasiye ukufuna pogwira. Koma akalowa m'nyumba yokonzera ndege amasanduka tchimo. Pamene woyesa uja anatengera Ambuye pamwamba pa Kachisi nawauza kuti adziponye pansi, popeza angelo adzawawakha, anabwera ndi mawu a m'Malemba pakamwa, ndipo chimene ankapempha chinkaoneka ngati chikhulupiriro chachikulu. Koma Ambuye anakana, nachitcha kumuyesa Mulungu. Ife timachita chimenechi tsiku ndi tsiku, pamene tikwera minibasi ya matayala osalala itadzaza mpaka pakhomo, titatonthozedwa ndi vesi lolembedwa pa galasi lakumbuyo. Pansi pano nthawi zina timapulumuka. Thambo lilibe chisoni chotero. Tsiku limene batire lidzathe mphamvu silinalembedwe m'buku la moyo, linalembedwa pa batire pomwepo, ndi dzanja la munthu, kuti munthu mnzake awerenge. Ndipo zaka 20 ndi nthawi yokwanira kuti mwana abadwe, akule, nalembedwe usilikali. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Chifukwa chake ndikanakhala ndi mpando pakati pa olemba chiphunzitso chimenechi, ndikanapempha kuti patsamba loyamba, zida zisanatchulidwe, alembepo za ufulu wa kukana. Ife Achewa tinaleredwa kuti mwana sayankha wamkulu, ndipo usilikali umawonjezera pa ulemu umenewu lamulo la chitsulo. Zonsezi n'zabwino m'malo mwake, koma mitambo siidziwa nyota za paphewa, ndipo phiri silipatuka chifukwa m'ndege muli bwana. Mwambo wa oyendetsa ndege pa dziko lonse umati woyendetsa ndiye ali ndi mawu otsiriza pa za chitetezo cha ulendo. Koma lamulo lolembedwa silithandiza ngati mnyamata akudziwa mumtima kuti akabweza ulendo wa akuluakulu adzatchedwa wamantha, nadzaiwalika pa nthawi yokweza maudindo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pafunika gulu limene makaniko wamng'ono angauze kazembe kuti ndege iyi lero sinyamuka, kazembeyo n'kumuthokoza; limene woyendetsa wobwerera panjira chifukwa cha chifunga amalandiridwa monga wopambana. Ndipo ndaona kuti kukana kumeneku ndi kumodzi ndi kuja kwa khoswe wa pa mkhate: amene waphunzira kunena kuti sindiuluka lero chifukwa sindikuona njira, ndi yemweyo amene tsiku lina adzanene kuti sindiponya chifukwa sindikuona bwino amene ali pansipo. Onse awiri avomereza kuti akwera kumene kuli Chauta, koma iwo si Chauta.

Mphwanga anamvetsera zonsezi osandidula, mwina chifukwa cha ulemu womwe ndimaudandaulawo. Nditamaliza anakhala chete nthawi, kenaka anatulutsa m'thumba la malaya kabuku kakuda ndi mafuta, nandionetsa pa kuwala kwa foni mizere ya manambala ndi masiku, chipangizo chilichonse ndi tsiku lake loyenera kuchotsedwa, ndi malo osainapo dzina. Anati chiyambire cha Chikangawa amawerenga mzere uliwonse kawiri asanasaine, ndipo tsiku lina anakana kusaina, nagona usiku umenewo osadziwa ngati m'mawa ntchito idzakhalapo. Ndinamufunsa kuti zinatha bwanji. Anati, "Chipangizocho chinabwera patapita milungu itatu, malume, ndipo palibe ananenapo kanthu, chabwino kapena choipa."

M'mawa mwake ndinamuperekeza pa siteji ya pa Mitundu, mayi ake atamumangira kathumba ka mtedza ndi nkhuku yamoyo. Kumadzulo, pamwamba pa Dzalanyama, mitambo ya chizimalupsa inali itayamba kuunjikana, ndipo amayi a pamsika ankayang'anako akukangana ngati igwa lero kapena ingotinamiza. Minibasi yoyamba itafika, kondakitala akuitanira za ku Lilongwe, ndinaona mphwanga akuizungulira pang'onopang'ono, nawerama kuyang'ana tayala lakumbuyo. Kenaka anabwerera pamene ndinaima, naika nkhuku pansi, nati tidikire ina.